Mapu oyambira nawo mu Civilization VI

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti wangogula kumene Civilization VI, masewera a pa kompyuta omanga ufumu, a kampani ya Firaxis, omwe anatuluka mu 2016, ndipo akafika posankha mapu mutu umangoima. Funso lake ndi lakuti: "Kodi ndiyambe ndi Pangaea, Continents, kapena mapu a zilumba?"

Achimwene, yambani ndi Continents.

Pa Pangaea mtunda ndi umodzi ndipo mafumu onse ali pomwepo. Inu mukadali kuganiza pomanga Campus (chigawo cha sayansi cha mzinda) yoyamba, Montezuma, mfumu ya a Aztec, wafika kale pakhomo ndi ankhondo ake a Eagle Warrior. Akatswiri amaikonda chifukwa mdani aliyense amafikirika wapansi, koma kwa wophunzira ndi chipwirikiti chokhachokha.

Continents imakupatsani mpata wopuma. Nyanja yakuya imagawa dziko, choncho poyamba mumalimbana ndi oyandikana nawo ochepa okha. A kutsidya sangawoloke mpaka atapeza luso la Cartography (kujambula mapu), lomwe limabwera m'nyengo ya Renaissance. Pofika nthawi imeneyo mumakhala mutadziwa kusankha malo a mzinda pafupi ndi mtsinje, kuthamangitsa ma Barbarian (zigawenga zopanda ufumu), ndi kutumiza amalonda. Kenako masewerawo amakuphunzitsani okha za zombo, pang'onopang'ono. Koma chenjerani ndi Harald Hardrada wa Norway, poti iye amalowa m'nyanja yakuya msanga, akangopeza luso la Shipbuilding (kupanga zombo).

Za zilumba, monga Island Plates ndi Archipelago, musafulumire nazo. Anthu ambiri amayesa kuti ndi zofewa poti palibe wokuputa. N'zoona, koma malo ndi ochepa, pomwe mu Civilization VI chigawo chilichonse cha mzinda chimadya malo akeake kunja kwa mzindawo. Komanso Settler wanu, woyambitsa mizinda yatsopano, sakwera bwato musanapeze Shipbuilding. Mudzangokhala pa kachilumba kanu, kudina "next turn" mpaka kuwodzera.

Chinanso chomwe simunafunse ndi kukula kwa mapu. Small imakhala ndi mafumu 6, Standard 8, Huge 12. Sankhani Small. Ngati laputopu yanu ndi yachikale, Huge idzaitenthetsa ngati mbaula, ndipo kumapeto kwa masewera mudzadikira nthawi yaitali kuti kompyuta imalize kuyendetsa anzanu onsewo.

Mulingo wa kuvuta kwa masewera ukhale Prince kapena kutsikirapo, ndipo mutenge Trajan wa Rome, yemwe mizinda yake yatsopano imabwera ndi Monument (chipilala cha chikhalidwe) yaulere. Mukapambana kamodzi pamenepo, kayeseni Pangaea ndi Trajan yemweyo, muone mmene asilikali ake a Legion amagwirira ntchito mdani akakhala pafupi.