Mayi, awuzeni anawo atuluke panja akaone phiri

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chinamwali. Anagulira ana ake awiri, wa zaka 7 ndi wa zaka 10, kabokosi ka choko cha pastel, chija chofewa chojambulira zithunzi, ataona pa Facebook zithunzi za mapiri ndi mitsinje zojambulidwa mwa njira yotchedwa impressionism. Vuto n'lakuti akawauza kuti ajambule phiri la Zomba, amatenga rula, kulemba makona atatu, kudzazamo mtundu wobiriwira, dzuwa n'kuliika pakona ndi timizere take. Kenako amapukuta ndi chikhatho mpaka zonse kuoneka ngati matope. Funso lawo linali lakuti awaphunzitse bwanji, poti iwonso sanaphunzirepo zojambula.

Mayi, anawo sanalakwe. Akujambula phiri limene analoweza m'mutu, pamene phiri lenilenilo lili kuseri kwa nyumba yanu ndipo sanaliyang'anitsitse. Anthu amene anayambitsa kajambulidwe kameneka ku France ankalimbana ndi nkhani yomweyi. Mu 1872 Claude Monet anajambula doko la Le Havre m'mamawa kuli nkhungu: maboti osaoneka bwino, dzuwa kadontho chabe ka mtundu wa lalanje. Chithunzicho chitaonetsedwa ku Paris mu 1874, mtolankhani Louis Leroy anachinyoza kuti n'chosamaliza, ndipo dzina la impressionism linachokera m'chipongwe chakecho. Chimene Monet ankasaka chinali kuwala kwa nthawi imeneyo. N'chifukwa chake mu 1890 ndi 1891 anajambula milu ya tirigu ya kwawo ku Giverny maulendo oposa 20, m'mawa, madzulo, m'chisanu, mitundu n'kumatuluka yosiyana ulendo uliwonse.

Inunso chitani zomwezo. Loweruka likubwerali ayalireni mphasa pabwalo, ajambule phiri katatu: cha m'ma 6 m'mawa, masana, ndi cha m'ma 5 madzulo. Asanagwire choko, atsinzine pang'ono ngati munthu wothobwa ndi dzuwa. Akatero mitengo umodziumodzi imasowa, pamatsala zigamba za mitundu. Ndiye afunseni: ukuona mtundu wanji? Akati wobiriwira, musakhutire msanga, chifukwa mawu amenewa timakutira nawo zinthu zambiri, ngakhale thambo lomwe. Funsaninso: kubiriwira kwa tsamba la nthochi lanthete, kapena kwa mitengo ya paini ya pamwamba paja? M'mawa dzuwa likamaomba matanthwe, aona chikasu ndi kufiirira. Madzulo likamalowera kuseri, phiri lonse limada n'kukhala labuluu wopita ku pepo. Mu Okutobala utsi wa lupsa ukadzaza mlengalenga, limatuwa mpaka kufanana ndi thambo.

Pepala ndi nkhani yaikulu. La m'kope ndi loterera, choko sichigwira. Pezani lokhakhala ndi loderako: pepala la khaki lokutira makope, kapena kuseri kwa katoni. Pa pepala lotere mitundu yowala imaonekera bwino, ndipo mwana sada nkhawa ndi malo oyera otsala.

Chokocho athyole pakati. Ndikudziwa mtima uwawa poti mwagula ndi ndalama, koma kachidutswa kakafupi kogonekedwa cham'mbali n'kamene kamayala thambo ndi thunthu la phiri mwakamodzi. Ayambe ndi mitundu yoderapo, yowala ibwere pamwamba pomaliza. Choko chakuda muchichotse m'bokosi kaye. Mthunzi wa mtengo wa mango aupange ndi buluu ndi pepo, ndipo pambali pake pomwe pali dzuwa aikepo chikasu kapena lalanje. Mitundu imeneyi ikayandikana imakolezana, malowo amachita ngati akutentha.

Za kupukuta ndi chikhatho zija, aloleni pa thambo pokha, ndi chala chimodzi. Kwina konse alembe timizere tifupitifupi ndi timadontho, mtundu uwu pambali pa unzake, osasakaniza. Akamaliza imikani chithunzicho pakhoma, abwerere m'mbuyo mapazi asanu. Diso limasakaniza lokha. Edgar Degas, wojambula wina wa ku France amene ankakonda kwambiri choko cha pastel, ankasanjikiza timizere totere mpaka nsalu za ovina ake kuoneka ngati zikugwedezeka.

Tsiku limene mudzakwere nawo ku Emperor's View, pamwamba pa phiri la Zomba, komwe kunatchedwa choncho pokumbukira ulendo wa Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, wa mu 1965, aonetseni nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje chapatali. Udzu wa pamapazi pawo ndi wakuthwa mtundu, koma Mulanje ndi wotuwa, wabuluu, chifukwa cha mpweya ndi fumbi zimene zili pakati. Wamkuluyo akagwira mfundo imeneyi, zithunzi zake ziyamba kukhala ndi pafupi ndi patali.

Fumbi la choko asamaliuzire ndi pakamwa, limalowa m'mphuno. Apendeketse pepala n'kuligogoda pang'ono, kansalu konyowa kakhale pafupi kopukutira manja. Posunga, ikani pepala loyera pakati pa zithunzi. Ena amapopera sipule ya tsitsi kuti choko chisayoyoke, koma imadetsa mitundu, ndiye muyesere kaye pa kachidutswa.

Chomaliza ndikupempheni: musawakonzere. Mwana wa mlongo wanga, ali ndi zaka 8, anajambula msewu wa jakaranda zitachita maluwa, pansi ponse anathira madontho a pepo ndi pinki. Dzanja langa linayabwa kuti ndimuuze kuti msewu sukhala choncho. Iye anangondikoka malaya, n'kundilozera pansi. Maluwa anali atayoyoka usiku wonse, phula silinkaoneka n'komwe.