Alamu, geni ya ku Dar imafuna diso

Alamu, uthenga wanu ndauwerenga. Mukuti mwapeza kampamba kuchokera ku banki m'khonde, mukufuna kuyamba kupikula zitenje ndi ziboliboli ku Dar es Salaam, ndiye mukufunsa mmene geniyi imayendera. Mwafunsanso, ngati mukuchita manyazi, kuti kodi n'kulakwa kupatula tsiku limodzi kapena awiri oona malo, poti achimwene akuti kumeneko n'kuseweretsa mpamba. Ine ndikuti patulani masikuwo, ndipo muwaike mu bajeti ngati mmene muikira ndalama ya basi. Katundu wa ku Kariakoo, msika waukulu wa ku Dar, aliyense wa mpamba akhoza kumugula. Chimene chimasiyanitsa ife pamsika ndi diso, ndipo langa lidakulira kwa anthu osema ndi ojambula, osati m'mashopu.

Tiyambe ndi njira. Mudzadutsa Karonga mpaka pa boda ya Songwe, tsidya lake ndi Kasumulu. Mmalawi safuna viza polowa mu Tanzania, koma pasipoti ikhale ndi miyezi yokwanira isanathe, ndipo muonetsetse kuti akudindirani mbali zonse ziwiri. Mukangowoloka mlatho, wotchi muipititse patsogolo ndi ola limodzi. Chachiwiri ndicho chidandiliza ulendo wanga woyamba: Mswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka. Saa moja ndi 7 koloko. Saa kumi na mbili asubuhi ndi 6 koloko m'mawa. Wogulitsa matikiti ku Mbeya adandiuza nthawi ya basi, ine n'kumva "khumi ndi ziwiri", n'kufika pa depoti masana dzuwa lili paliwombo. Basi inali itachoka m'bandakucha, tikiti idapsa, ndipo ndidagona ku Mbeya usiku wina ndi ndalama imene ndikadagulira zitenje zinayi. Inu muziwauza akulembereni nthawi papepala, n'kufunsanso kuti ndi ya Chiswahili kapena ya pawotchi.

Za ndalama ndinene mwachidule. Chichokereni pamene kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri mwa ife tidaphunzira kuika mtengo poganizira zimene tidzalipire pokagulanso, osati zimene tidalipira kale. Osintha ndalama pa boda alipo ambiri ndipo manja awo ndi achangu. Mashilingi muyambe mwawerenga kawiri muli nawo m'manja mwanu, kenako mupereke makwacha. Musaike zonse pamalo amodzi.

Mabasi ausiku alipo, koma ulendo woyamba kwerani wamasana, pafupi ndi zenera. Kuchokera ku Mbeya ndi makilomita opitirira 800. Mukadutsa Iringa msewu umatsetsereka pa mapiri a Kitonga, kenako n'kulowa m'chigwa chodzaza malambe, n'kudzadula pakati penipeni pa nkhalango ya Mikumi. Akadyamsonga, mbidzi, nthawi zina njovu, zili m'mbali mwa msewu, osalipira kanthu. Pali sitima ya TAZARA, njanji imene idamangidwa ndi thandizo la China n'kutha mu 1975, nayonso imadutsa ku Mbeya; ndi yokoma kwa munthu wosathamangira nthawi. Basi idzakutsitsani pa depoti ya Magufuli ku Mbezi, kutali ndithu ndi pakati pa tauni, choncho malo ogona mukhale mutawadziwiratu. Ndipo musapite mu Epulo. Mvula ya masika kumeneko imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi, misewu imasefukira, katundu amanyowa.

Kariakoo ndi chigulu cha anthu. Dzinalo lidachokera ku Carrier Corps, amtengatenga amene ankanyamulira Angerezi katundu pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo mpaka lero ndi malo a anthu osenza mitolo. Tsiku loyamba musagule kanthu. Yendani mu msewu wa Uhuru ndi timisewu tozungulira, funsani "bei gani", lembani m'kabuku. Mawu awiri awa muwagwire: jumla ndi mtengo wopikulira, rejareja ndi wogulira chimodzichimodzi. Mukapanda kunena kuti jumla adzakuyesani mlendo wongodutsa. Adobadoba adzakulondolani n'kumati akudziwa shopu yotchipa. Dziwani kuti yawo yaikidwa kale pamtengopo. Kwa eni shopu achikulire yambani ndi "shikamoo", ulemu kumeneko umatsitsa mtengo kuposa kukuwa.

Chitenje muzichitembenuza. Cha wakisi weniweni maluwa ake amaoneka mofanana mbali zonse ziwiri. Chotchipa kumbuyo kwake n'kotuwa. Ena amachipaka zolimbitsa kuti chizioneka chonenepa, ndiye tikitani pakona ndi zala, muone ngati pakutuluka fumbi loyera. Kanga ndi nkhani ina. Amagulitsa ziwiriziwiri, ndipo iliyonse ili ndi mawu olembedwa m'munsi. Mawu ena ndi madalitso, ena ndi zining'a zolasa mkazi mnzako kapena mnansi wamiseche. Musagule kanga musanamve tanthauzo lake, chifukwa ku Karonga, ku Nkhotakota ndi ku Mangochi alipo ambiri owerenga Chiswahili, ndipo simungafune kasitomala wanu akavale chipongwe pa ukwati wa mwana wake.

Mukamaliza kugula, katundu amapita kwa otumiza katundu kuti amangidwe, alembedwe dzina lanu, adikire galimoto. Apa pamagwa tsiku limodzi kapena awiri. Anzathu ambiri amawathera m'chipinda akuonera foni. Awa ndiwo masiku ndikunenawa.

Pitani ku Mwenge, kumene kuli msika wa osema. Kutsogolo kuli timashopu, koma inu mulowe kumbuyo kumene anthu akhala pansi ndi sompho ndi tchizulo. Luso lalikulu pamenepo ndi la Amakonde, ochokera kumwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique. Mudzaona chosema cha ujamaa, anthu ambirimbiri okwerana pamapewa kuchokera pa chipika chimodzi, ndi cha shetani, mizimu ya miyendo yaitali ndi nkhope zopotoka. Mtengo wake amati mpingo, womwe ife timati phingo. Bambo wina wachikulire adandikhazika pa chitsa, n'kundipatsa ziboliboli ziwiri zofanana msinkhu, china kudzanja lamanja china kumanzere. Chimodzi chidandikoka dzanja ndi kulemera. Chinacho chinali chopepuka, ndipo atachikanda pansi ndi chikhadabo padatuluka mtengo woyera, kafungo ka polishi wa nsapato kakumveka. Adandionetsanso kuti phingo weniweni nthawi zambiri amasiyidwa ndi kachigamba kachikasu m'mbali, pamene khungwa lidali pafupi, ndipo kuda kwake kuli ndi mizere yofiirira mukamuyang'ana padzuwa. Phunziro la mphindi zochepalo landipulumutsa kangapo. Dziwaninso kuti phingo ali pa mndandanda wa CITES wa mitengo yotetezedwa kuyambira 2017, choncho mukafuna wambiri funsani za chilolezo musanalipire.

Koma ndikuuzeni maganizo anga: ziboliboli wamba musadzaze nazo thumba. Tili ndi osema athu ku Mua, ku Dedza, ku Nkhata Bay, ndipo mpando wa mfumu wosemedwa kwathu kuno sugonja kwa wina aliyense. Ku Mwenge tengani zimene kwathu kulibe, n'kubwera ndi nzeru za kamalizidwe kake kuti mudzakambirane ndi osema athu.

Chimene chimayenda bwino m'malo ogona alendo ndi zithunzi za Tingatinga. Gulu la ojambulawo lili ku Oyster Bay. Adayambitsa ndi Edward Saidi Tingatinga cha mu 1968, akujambula nyama ndi mbalame ndi penti wa njinga pa timabolodi, ndipo adamwalira mu 1972, ataphunzitsa abale ake ochepa. Lero zambiri amajambula pansalu, ndiye amakuchotserani pa felemu n'kukulunga. Zithunzi khumi zimalowa m'chikwama chimodzi. Mufunse dzina la wojambula aliyense ndi kulilemba. Wogula akamva kuti ichi adajambula ndani, mudamuona akujambula kuti, satsutsanso mtengo kwambiri. Ku Makumbusho, kufupi ndi njira yomweyo, kuli mudzi wa nyumba za mitundu yosiyanasiyana ya mu Tanzania. Ola limodzi kapena awiri akukwanirani.

Ngati tsiku lili lathunthu, kwerani minibasi ya ku Bagamoyo, ulendo wa maola awiri kapena kuchepera. Dzinalo amalimasulira kuti "bwaga moyo", tula mtima pansi, chifukwa apa ndi pamene maulendo a minyanga ndi akapolo ochokera kumtunda ankafika kunyanja yamchere. Ku mishoni ya Akatolika, imene idayamba mu 1868, kuli nsanja ya tchalitchi chakale mmene mudagona mtembo wa David Livingstone mu Febuluwale 1874. Adamwalira kwa Chitambo ku Zambia mu Meyi 1873, ndipo amene adatsogolera onyamula mtembowo miyezi yonseyo anali Susi ndi Chuma. Chumayu anali Myao, adamasulidwa m'manja mwa ogula akapolo ali mnyamata mu 1861, ku mapiri a kwathu kummwera kuno. Nditaima pansi pa nsanjayo ndidaganiza za mtunda umene ine ndidayenda pa basi nditakhala pampando, iye n'kuyenda wapansi wotalika kuposa pamenepo atasenza maliro. Ndidalira, alamu. Chakummwera pang'ono kuli mabwinja a Kaole, mizikiti ndi manda a zaka mazanamazana, ndipo m'tauni momwemo muli sukulu ya zaluso ya TaSUBa, kumene mungamve ng'oma zikulira masana.

Zanzibar musungire ulendo wachiwiri kapena wachitatu, phindu litayamba kuoneka. Boti yothamanga imatenga pafupifupi maola awiri, pasipoti imafunika pofika, ndipo kuyambira Okutobala 2024 alendo ochokera kunja amagula inshulansi ya boma la kumeneko. Mukadzapita, kalowe mu tchalitchi cha Angilikani cha ku Mkunazini, chomangidwa pamalo a msika wa akapolo umene udatsekedwa mu 1873. Ndi mishoni yomwe ija ya UMCA ya ku Magomero ndi ku Likoma. Anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu, valani zofika m'munsi ndi zophimba mapewa, ndipo m'mwezi wa Ramadani musadye poyera masana.

Pobwerera, malisiti onse akhale m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu. Tanzania idatuluka m'bungwe la zamalonda la COMESA mu 2000, choncho zimene anzanu amachita pa Mchinji musayese ndi zomwezo pa Songwe. Musananyamuke n'komwe, pitani ku ofesi ya MRA mukafunse msonkho wa nsalu ndi wa zosema, ndalama yake muipatule isakhudzidwe. Wina akakuuzani kuti akuwolotserani katundu panjira yachidule, mukane. Ndaona amayi akulira pa boda mpamba wonse utalandidwa.

Ine ndinyamuka mwezi wamawa ukangoyamba, ndipo mpando wa pazenera ndidzakusiyirani. Mubwere ndi nsapato zafulati, kabuku ndi cholembera, ndi chitenje chimodzi chakale chofunda usiku ku Mbeya, chifukwa kumazizira ngati ku Dedza. Achimwene muwauze kuti tsiku la ku Bagamoyo ndalilemba kale.