Mwagula GTI yoyendapo kale ku Joni? Yambani mwaona tcheni cha injini

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina wokhala ku Rosettenville, kwawo ku Mangochi. Dzina ndasunga, koma anandilola kuyankhira pano chifukwa funso lakeli ndimalimva pafupifupi Loweruka lililonse ku galaja kwathu ku Booysens. Analemba motere: "Achimwene, mwezi watha ndagula Golf 6 GTI ya 2011, ya giyabokosi yosintha yokha magiya ya DSG, kwa ogulitsa galimoto pa Jules Street. Yayenda makilomita 168,000. Buku la sevisi lili ndi zidindo mpaka pa 120,000, kupitirira apo mulibe kanthu. Ndatsala ndi R25,000. Anzanga akuti ndikaiikitse pulogalamu yowonjezera mphamvu, ndisinthenso ekisozi kuti izilira bwino. Mu Disembala ndikufuna ndipite nayo kumudzi. Ndiyambire pati?"

Achimwene, choyamba zikomo, ndipo ndakondwa nanu. Ndikudziwa thukuta limene munthu amakhetsa kuno kuti afike pogwira kiyi wa galimoto ngati imeneyo. N'chifukwa chake ndikuuzani mosapita m'mbali: ndalama mwatsala nayoyo isapite ku mphamvu kapena ku phokoso. Makilomita 48,000 amene mulibe m'bukumo ndiwo akundidetsa nkhawa, ndipo R25,000 yanuyo ntchito yake ndi kutseka mpata umenewo.

Ndiyambe ndi chinthu chimene chimapha injini zimenezi. Golf 6 GTI ili ndi injini ya malita awiri yotchedwa EA888, yotulutsa 155 kW, ndipo mavalavu ake amayendetsedwa ndi tcheni, osati lamba ngati Golf 5 GTI. Tchenicho chimakokedwa ndi kachipangizo kotchedwa tenshona. Tenshona imene inkabwera ndi galimoto za zaka zoyambirirazo ili ndi vuto lodziwika: kachitsulo kogwira mano ake kamatha, ndiye injini ikazima oyilo n'kutsika, tcheni chimakhwepa. M'mawa mukaliza, tcheni chimalumpha mano, mavalavu n'kukumana ndi mapisitoni. Zikatero si nkhani ya sipeya imodzi ayi, ndi kumasula injini yonse. VW inatulutsa tenshona yatsopano yokonzedwa bwino, ndipo funso loyamba pa galimoto yanu ndi lakuti ilimoyo ndi iti.

Kudziwa kwake n'kosavuta. Pa chivundikiro cham'munsi cha tcheni pali kachitseko kakang'ono kozungulira. Makaniko amachotsa kameneko, n'kusuzumira ndi tochi ndi kagalasi, ndipo maonekedwe a tenshonayo amamuuza ngati ndi yakale kapena yatsopano. Akalumikizanso kompyuta yoyezera, ambiri timagwiritsa ntchito VCDS, imaonetsa ngati tcheni chatalika. Inunso kunyumba mungathe kumvetsera. Mawa m'mawa galimoto itagona usiku wonse, tsegulani boneti, wina alize injini inu mutaima kumbali kumene kuli malamba. Mukamva kuti gwedegwede kwa kamphindi kenako zii, musapite nayo kuntchito tsiku limenelo.

Chaka chatha anatibweretsera ina yoyera, ya mnyamata wa ku Turffontein amene amagwira ntchito yolondera usiku. Anaigula isanathe miyezi itatu, yowala ngati yatsopano, mipando yosang'ambika ngakhale pang'ono. Anati inkachita kaphokoso m'mawa koma kankatha yokha, ndiye anangoti ndi kuzizira kwa Juni. Tsiku lina analiza pa geti, injini inangozungulira mopepuka osagwira. Titachotsa mutu wa injini ndinamuitana kuti adzaone yekha. Mavalavu anali opindika ngati misomali yozula pa thabwa, ndipo pamwamba pa mapisitoni panali timabala towala pamene anagundana. Anaima osayankhula, chipewa chili m'manja. Ndalama imene anasungira ulendo wa kumudzi inathera pa benchi lathu, ndipo mpaka lero zimandiwawa ndikakumbukira, chifukwa akanabwera sabata imene anayamba kumva phokosolo ikanakhala ntchito ya tsiku limodzi kapena awiri. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Choncho ngati tenshona ndi yakale, sinthani, ndipo pa makilomita amenewo sinthirani limodzi tcheni ndi timapulasitiki timene chimayendapo. Apa musafunefune zotchipa. Gulani zenizeni za VW kapena za makampani amene amapangira VW. Mwina gawo lalikulu la ndalama yanu lithera pomwepa, ndipo likhala litapita malo oyenera.

Musanalole munthu kumasula chilichonse, taonani kaye mapepala. Popeza munagula kwa ogulitsa galimoto osati kwa munthu wamba, lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limakupatsani miyezi isanu ndi umodzi yoti katundu akapezeka ndi vuto mubwerere naye kwa wogulitsa. Mukakanika kumvana, kuli ofesi yomva madandaulo a ogula galimoto ya Motor Industry Ombudsman of South Africa. Koma mukaiika pulogalamu yowonjezera mphamvu lero, injini n'kuwonongeka mawa, wogulitsa adzangoloza pulogalamuyo, inu n'kusowa chonena. A inshuwalansi nawo amafuna kuuzidwa galimoto ikasinthidwa. Ndiye pimitsani galimoto, makaniko akulembereni zimene wapeza, vuto lalikulu likaoneka muyambe mwakagogoda kumene munagula.

Tsopano oyilo. Turbo, imene imapanikizira mpweya mu injini, imazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi, ndipo kamtengo kake kapakati kamayandama pa oyilo wa injini yemweyo. Oyilo akakhala wakale kapena wochepa, turbo ndiyo imayamba kumva kuwawa. Ngakhale wogulitsa atalumbira kuti anapanga sevisi, khuthulani, muikenso watsopano ndi fyuluta yake kuti kuwerenga kuyambire pa inu. Pa chigubu payenera kulembedwa VW 502 00, ndipo ambiri kuno timathira 5W-40. Buku limanena makilomita 15,000, koma ine galimoto ya zaka zimenezi, yokhalira kuima ndi kuyenda pa msewu wa M1 kapena pa mphambano ya Gillooly's m'mawa uliwonse, sindiilola kudutsa 10,000. Injini zimenezi zina zimamwa oyilo, choncho zolowerani kusolola kachitsulo koyezera nthawi iliyonse mukathira petulo kawiri. Lembani m'kabuku kuti mwawonjezera wochuluka bwanji pa makilomita angati. Kabuku kameneko kadzauza makaniko zambiri kuposa pakamwa.

DSG yanu ndi ya magiya asanu ndi imodzi, ndipo makilatchi ake amasamba mu oyilo wakewake. Oyilo ameneyo ndi fyuluta yake zimasinthidwa pa makilomita 60,000 aliwonse. Ngati palibe lisiti loonetsa kuti anasintha pa 120,000, musadikire 180,000, sinthani pano. Ikamanjenjemera ponyamuka kapena kugunda polowa giya yoyamba ndi yachiwiri, iyezedwe pa kompyuta musanagule chilichonse.

Pali nkhani ina imene anthu ochokera kunyanja ngati inu ndi ine sitiiganizira msanga. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya kuno ndi wopepuka, ndipo galimoto yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a mphamvu zake poyerekeza ndi ku Durban. N'chifukwa chake GTI imasiya anzake pa maloboti, popeza turbo imabwezeretsa mpweya wosowawo. Koma kubwezeretsako si kwaulere. Turbo imazungulira kwambiri kuti ipanikize mpweya wopepukawu, ndipo mpweyawo umatuluka wotentha. Ndiye kuti galimoto yanu, ngakhale isanakhudzidwe, turbo yake ikugwira kale ntchito yoposa ya inzake ya ku Cape Town. Pulogalamu yowonjezera mphamvu imabwera pamwamba pa katundu ameneyo.

Kukwera kwa malo komweku ndiko kumachititsa kuti pa filing'i siteshoni za kuno mupeze petulo wa 93 pambali pa wa 95. Wa 93 amakwanira galimoto zambiri zopanda turbo. Yanuyo ayi. Thirani 95 nthawi zonse, ngakhale mwezi utafika pothina.

Madzi nawo kuno amawira asanafike madigiri 100, pafupifupi pa 94. Chimene chimaletsa madzi a injini kuwira ndi mankhwala osakanizamo komanso kutsekeka bwino kwa njira yake yonse. Pa EA888 pofooka ndi pampu ya madzi, chifukwa chikombole chake ndi chapulasitiki ndipo chimang'aluka chikakalamba, makamaka oyilo akamadonthera pa labala wake. Ili pansi pa mapaipi olowetsa mpweya, posaoneka bwino. Unikani ndi tochi, mukaona zouma zapinki kapena zoyera ngati mchere, kapena madzi akamatsika m'kabotolo mwezi ndi mwezi, yayamba kudontha. Pamsika pali mapampu a chikombole cha aluminiyamu, ndipo kumeneko ndiye kusintha kumene ndimakuvomereza ndi mtima wonse, bola akhale a kampani yodziwika. Thirani mankhwala a mtundu wa G12 kapena G13 osakaniza ndi madzi oyeretsedwa a m'botolo (distilled water). Madzi a pampopi musathiremo.

Zina ndi zazing'ono ndipo zimasinthidwa pa ola limodzi. Valavu ya PCV, imene imatulutsa utsi wa oyilo m'kati mwa injini, ili pamwamba penipeni pa injini, ndipo labala wake akang'ambika injini imanjenjemera poima, nthawi zina imaliza kamluzu. Musaichedwetse, chifukwa ikasiyidwa imatha kuwononga silo ya kumbuyo kwa injini, ndipo kuti mufike pa silo imeneyo pamafunika kutsitsa giyabokosi. Valavu ina ya pa turbo, imene timaitcha diverter, yakale inali ya labala wong'ambika msanga, yatsopano ndi ya pisitoni. Mapulagi anayi sinthani, makoilo muwaone, ndipo koilo imodzi yapadera izikhala m'buti. Mafuta a mabuleki amasinthidwa zaka ziwiri zilizonse, ndipo ndikukayika ngati mwini wake wakale ankakumbukira zimenezo.

Mwaye wa m'mavalavu ndiufotokoze pang'ono. Injini imeneyi imapopera petulo mwachindunji m'silinda, ndiye mavalavu olowetsa mpweya satsukidwa ndi petulo ngati m'galimoto zakale. Utsi wa oyilo umamatirira pamenepo, n'kuuma ngati mwaye wa kudenga la khitchini. Mankhwala othira m'thanki safikako. Makaniko amauchotsa pomasula mapaipi olowetsa mpweya n'kupopera tizidutswa ta makoko a mtedza wa walnut. Pa 168,000, ngati sanatsukepo, mwayewo ulipo ndithu. Ngati pampu ya madzi ikusinthidwa, uzani makaniko achitire limodzi, popeza malowo amakhala atatseguka kale ndipo mulipira ntchito yomasula kamodzi.

Za phokoso ndikumvetsa. Dzina loti vrr pha, limene anthu kuno amaitchulira GTI, silinabwere pachabe, ndi kulira kumene DSG imachita posintha giya, ndipo yanuyo imachita kale zimenezo isanakhudzidwe. Chimene sindigwirizana nacho ndi mapulogalamu ophulitsa ekisozi ukachotsa phazi. Kuphulikako ndi petulo akupsera m'njira ya utsi, mmene muli mapiko a turbo, ndipo kutentha kwake kumadya turbo ndi chosefera utsi chotchedwa catalytic converter. Ngati patapita chaka injini ili bwino, oyilo sakuchepa, tcheni ndi chatsopano, ndipo mtima ukufunabe mphamvu, tidzakambirane za pulogalamu yofatsa kwa munthu wokhala ndi makina oyezera, pamodzi ndi intercooler yokulirapo, yoziziritsa mpweya wochokera ku turbo. Ndipo liwiro lake mukaliyesere ku bwalo la mpikisano wa galimoto la Zwartkops pa masiku amene amatsegulira anthu wamba, osati pa N1 pamene pali minibasi zodzaza anthu.

Kayendetsedwe kokha kamasunga turbo. M'mawa wa Julaye kuno kumazizira mpaka chisanu kuyera pa galasi. Lizani, dikirani pang'ono, nyamukani mofatsa, ndipo musaponde kwambiri mpaka patapita mphindi khumi, chifukwa oyilo amachedwa kutentha kuposa madzi. Mukachokera kothamanga, makilomita awiri kapena atatu omaliza muyende pang'onopang'ono musanazimitse.

Ulendo wa Disembala ndi wotheka, koma ndi wautali: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, mpaka kulowera pa Mwanza, makilomita oposa 1,500 musanayambe n'komwe kulunjika ku Mangochi. Ku Tete nyengo imeneyo kumatentha koopsa, ndipo pa mizere ya m'malire injini imakhala ikulira galimoto itaima, pamene pampu yofooka ndi mafani otopa amaonekera poyera. Matayala a GTI ndi opyapyala m'mbali, makamaka a malimu a mainchesi 18, ndipo dzenje limodzi la nthawi ya mvula limatha kung'amba tayala ndi kupinda limu. Sipeya ya m'buti ikakhala kaja kakang'ono, kamaloledwa makilomita 80 pa ola basi, ndiye pezani tayala lathunthu ndi limu yake. Nyamulani malita awiri a oyilo wanu, botolo la mankhwala a madzi, koilo ndi mapulagi. Ntchito zonse zikuluzikulu zithe pofika kumayambiriro kwa Novembala, kuti galimoto iyendeko milungu ingapo kuno pafupi ndi amene anaikonza, chodontha chilichonse chionekere ku Joni osati pakati pa Mutoko ndi Nyamapanda.

Munafunsa kuti muyambire pati. Mawa m'mawa mvetserani injini ikamadzuka, kenako sabata ino ipite pa kompyuta ndipo kachitseko ka tenshona katsegulidwe. Mukatero mundilembere zimene mwapeza, mujambulenso tsamba lomaliza la buku la sevisi ndi pansi pa mapaipi pamene pali pampu, kuti tigawe R25,000 ija tikuona zenizeni.