Achimwene a kiyibodi, reggae si mdani wa kwaya

Achimwene, mwafunsa ngati inu oimba kiyibodi mu kwaya mungamaimbenso ndi bandi. Musaope. Kuimba reggae kapena manganje ndi bandi Loweruka sikungakuwonongereni dzanja la nyimbo za kwaya Lamulungu. Kudzakutsegulani makutu.

Ine ndimaimba gitala ya besi kuno ku Lilongwe, ndipo chomwe chinandiphunzitsa kudekha ndi reggae. Mu kagundidwe kotchedwa one drop ng'oma yaikulu imadikira mpaka kugunda kwachitatu, ndiye mumazolowera kusiya mpata. Oimba kiyibodi ambiri m'matchalitchi mwathumu vuto lawo lagona pomwepo: zala sizipuma, mpaka mawu a kwaya osamvekanso. Manganje nawo akakulowani m'magazi, makorasi a chitsitsimutso mumawaimba osatuluka thukuta. Ndiponso pa ukwati ku Kawale kapena ku Area 25 anthu sapempha mtundu umodzi wa nyimbo ayi, agogo afuna zawo, achinyamata zawonso.

Zoti abusa aziona bwanji, kambiranani nawo nokha, mipingo imasiyana.

Mukafuna aphunzitsi, kafunseni ku Music Crossroads, sukulu ya zoimbaimba ya ku Area 23 ku Lilongwe konkuno. Musanajambule nyimbo ya munthu wina, yambani mwafunsa za umwini wake ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina. Makutu akamalira kwa masiku angapo mutatsika pa siteji, kaonaneni ndi dokotala msanga.