Kodi wolapa atatsala pang'ono kufa alandira mofanana ndi ife?

Mayi wina wa ku Salima wandilembera imelo yokhudza malume ake, amene anazunza banja lawo kwa zaka zambiri, kenaka n'kulapa ali m'chipatala kutatsala masiku awiri kuti amwalire. Pamaliro abusa analalikira kuti malemuwo apita kumwamba, ndipo mayiwa, amene atumikira m'Chigwirizano cha amayi kumpingo zaka zoposa 20, akufunsa kuti chilungamo cha Mulungu chili pati.

Mayi, dandaulo lanuli lili kale pa Mateyu 20:1-16. Mwini munda wamphesa analemba aganyu ena m'mamawa, ena masana, ena kutatsala ola limodzi kuti aweruke, koma madzulo onse analandira ndalama yofanana. Aliyense amene anawokerapo mpunga paganyu kuno ku Nkhotakota, dzuwa likuswa pamsana miyendo ili m'matope, akumvetsa chimene oyamba aja anang'ung'udzira. Komatu palibe amene anaberedwa, pakuti oyambawo analandira zimene anapangana, ndipo chinawapweteka ndi kuwolowa manja kwa mwini munda. Paulo pa Aefeso 2:8-9 akunena kuti chipulumutso ndi mphatso yosachokera kuntchito, choncho zaka zanu 20 si mtengo umene munagulira malo kumwamba, koma chipatso cha chisomo chomwecho chimene chinafikira wachifwamba wopachikidwa pamodzi ndi Yesu pa Luka 23. Akatolika ndi Alutherani, amene anasiyana pa nkhaniyi kuyambira nthawi ya Martin Luther, anasainirana chikalata ku Augsburg, m'dziko la Germany, mu 1999 chovomereza kuti munthu amalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha.

Chisomocho sichinathetse chiweruzo. Aroma 3:25-26 akuphunzitsa kuti tchimo silinangonyalanyazidwa, koma linalipiridwa ndi mwazi wa Khristu, ndipo 2 Akorinto 5:10 akuti tonse tidzaonekera ku mpando wake woweruzira, kumene misozi ya azakhali anu siidzaiwalika.

Ine ndikuona kuti abusa anafulumira kulengeza, chifukwa amene amaona mtima ndi Mulungu yekha, ndipo ulaliki wapamaliro umayenera kusamala anthu ozunzidwa amene akhala pansi akumvetsera. Zakeyu atalapa analonjeza kubweza kanayi zimene analanda. Malume anu nthawi imeneyo sanaipeze, ndiye ngati mkazi wawo ndi ana akadali ndi mabala mumtima, akulu ampingo umene unaimba nyimbo pamalirowo ayenera kukawayendera ndi kumva mbali yawo.