GPS ya m'galimoto siyokwanira pa bwato ndi kumapiri

Achimwene, mwafunsa ngati GPS ya m'galimoto mungaitengenso pa bwato komanso pokwera mapiri. Ine ndingakuletseni.

GPS iliyonse imalandira uthenga kuchokera ku masetilaiti omwe ali m'mwamba makilomita pafupifupi 20,200, ndipo imafuna masetilaiti osachepera 4 kuti idziwe pomwe muli. Intaneti sifunika. Kusiyana kwa GPS ya m'galimoto ndi ya pa bwato kapena ya kumapiri kuli pa mapu ndi batire. Ya m'galimoto imangodziwa misewu, ndipo mukaichotsa pa chaja batire silichedwa kutha. Pamadzi mufunika mapu osonyeza kuya kwa madzi ndi pomwe pabisala miyala. Onetsetsaninso kuti pa GPS-yo palembedwa IPX7, kutanthauza kuti ikagwera m'madzi akuya mita imodzi imapirira mphindi 30. Koma sikuti zonse zimayandama ayi! Yanga ndinaimangirira chingwe pakhosi nditaona ikuterereka m'manja monyowa.

Kumapiri ndimakonda Garmin eTrex, GPS yonyamula m'manja, chifukwa imayendera mabatire 2 a AA, omwe mungasinthe muli kuthengo komweko. M'chigwa chakuya kapena pansi pa mitengo yowirira imatha kulakwitsa pang'ono malo. Musananyamuke, sungani pomwe mwasiya galimoto ngati waypoint (chizindikiro cha malo chosungidwa mu GPS), pobwerera idzakulondolerani.