Amalume ayankha za kandege ka Loweruka

Eee, mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Pepani ndachedwa, foni inali pa chaji kwa aneba, magetsi kuno anathima m'mamawa. Ndamvera uthenga wako iwe mwana wa achemwali. Ukuti unaona kandege Loweruka kakuuluka chapansipansi m'mbali mwa nyanja kulowera cha ku Makokola, ndiye ukufunsa ngati munthu angathe kungogula kotero n'kumauluka m'mene wafunira ngati njinga ya kabaza, amapempha kwa yani, komanso ngati iweyo ungaphunzire. Ndamvanso mayi ako akukukalipira kuti usiye maloto a ndege. Achemwali, taimani kaye ndimuyankhe mwanayu, inuyo ndikupezani kumapeto.

Paja ukudziwa kuti ine ku Joni sindinkagulitsa m'shopu ngati anzanga ambiri a kuno. Ndinkagwira ntchito pa kabwalo ka ndege zing'onozing'ono, kutsuka, kuthira mafuta, kuzikankha kulowetsa m'shedi madzulo. Eni ake sanali mabwana a boma ayi. Madokotala, alimi, ena opuma pantchito, osonkherana anthu anayi kapena asanu n'kugula ndege imodzi, monga m'mene asodzi kuno amagwirizanirana pa boti ndi injini. Loweruka abwera, auluka ola limodzi, atera, awotcha nyama, basi kwawo. Ndinakwera nawo kambirimbiri, ndipo ndinayambako kuphunzira. Kabuku kanga ka maola kakadali m'sutikesi, muli maola 11, ndalama zinandithera panjira.

Ndiye funso lako loyamba. Kugula ungagule, palibe angakuletse. Koma ndege youluka popanda chilolezo kuno kwathu ndi ya lichero yokha, ndipo nayonso timamva kuti ikadutsa pa nyumba yokhwima imagwa. Kumwambaku kuli eni ake. Mayiko anapangana ku Chicago mu 1944 kuti mlengalenga wa pamwamba pa dziko ndi wa dzikolo, ndipo pamenepo ndi pomwe panachokera bungwe loona za ndege padziko lonse la ICAO, likulu lake lili ku Montreal. Iwowo amalemba muyezo, dziko lililonse n'kuuika m'malamulo ake. Kwathu kuno ankayang'anira ndi a Department of Civil Aviation, kenaka lamulo la 2017 linabweretsa Civil Aviation Authority. Amenewo ndi amene amalembetsa ndege, kupereka malaisensi ndi kuona ngati ndegeyo ili bwino. Galimoto ili ndi COF eti, ndegenso ili ndi pepala lake lotero, ndipo makaniko wake si wa pansi pa mtengo, ndi woti naye ali ndi laisensi ndipo amasayinira chilichonse chimene wamasula.

Ukadzakaonanso kandegeko, uwerenge zilembo za kumchira kapena kunsi kwa phiko. Zikayamba ndi 7Q ndi ya konkuno. ZS kapena ZU ndi ya ku South Africa, 9J ya ku Zambia, 5H ya ku Tanzania, C9 ya ku Mozambique. Za ZU zija nthawi zambiri ndi topepuka tija, tina tomanga anthu okha m'garaja, tina tokhala ngati njinga yamoto yomangirira phiko pamwamba. Natonso tili ndi mapepala, usaone kuchepa.

Tsopano za iwe. Laisensi ya munthu wongouluka mwachisangalalo amaitcha PPL. Muyezo wa ICAO umati ukhale ndi zaka 17, ndipo uuluke maola osachepera 40. Ku South Africa amafuna 45, ndipo kunena zoona anthu ambiri amene ndinawaona ankapitirira 50, ena 60, chifukwa kutera kumavuta. Kunyamuka mwana aliyense angathe. Mwa maola 40 a ICAO aja, 10 umauluka wekhawekha, mphunzitsi atatsika akukuyang'ana ali pansi, ndipo pali ulendo umodzi wa makilomita osachepera 270 woti uterepo pa mabwalo awiri osiyana. Tsiku loyamba kuuluka wekha, solo imene ija, ukatsika anzako amakunyamula n'kukuponya m'madzi. Ine ndinanyowetsa anthu ambiri, koma langa tsiku silinafike, aaa, zimandiwawabe.

Pali mayeso olemba, malamulo, nyengo, kuwerenga mapu, m'mene injini imagwirira ntchito, masamu a kulemera kwa katundu. Palinso dokotala, osati aliyense koma wovomerezeka ndi a zandege. Amayeza mtima, makutu, maso. Magalasi ako asakudetse nkhawa, oyendetsa ambiri amavala. Chimene amalimbikira ndi choti uzisiyanitsa chofiira, chobiriwira ndi choyera, chifukwa wailesi ikafa a pa nsanja yolondolera ndege amakulankhula ndi nyali. Munthu wosakwana zaka 40 pepala la dokotala limatha zaka 5, akapitirira ndi zaka 2 zokha. Chingerezi cha pa wailesi nachonso amayesa, ndiye usamagone mphunzitsi wa Chingerezi akalowa.

Koma umve ichi. PPL si ya ganyu. Ukhoza kunyamula mayi ako, ine ndi agogo ako, koma sungatilipiritse. Zili ngati galimoto ya nambala wamba ndi ya nambala zofiira. Ukafuna kudya za ndege pamafunika laisensi ina ya malonda, zaka 18 ndi maola ofika 200, kapena 150 ngati wadzera sukulu yovomerezeka ya maphunziro ondondozana. Ndipo ngakhale uli ndi laisensi m'thumba, ngati sunanyamuke ndi kutera katatu m'masiku 90 apitawo, sunyamula munthu. Mowa, maola 8 asanakwane, osayandikira ndege. Ndalama zake sindikunamiza, ndi zambiri. Umalipira pa ola, ndipo Cessna 172, ya mipando inayi ija, imamwa malita oposa 30 pa ola limodzi, mafuta akenso si petulo wa pa filing'i, ndi avgas, wooneka wabuluu.

Dikirani, pali munthu pakhomo. Ndipitiriza.

Ehe, ndabwera, anali mnyamata wa makala. Ndinali pati? Za kopempha.

Mlengalenga unagawidwa, kungoti mipanda yake sioneka ndi maso, ili pa mapu. Kuzungulira mabwalo akuluakulu, Kamuzu ku Lumbadzi ndi Chileka ku Blantyre, sulowa usanaitane a pa nsanja n'kukuuza kuti lowa, ukwere kufika apa, udzere mbali iyi. Akati dikira, uzungulira pomwepo ngati kabawi mpaka akuitane. Kutali ndi mabwalo amenewo, monga kuno kunyanja, kumakhala komasuka, koma sikuti ungokhala duu. Umalengeza wekha pa wailesi kuti ndine uje, ndili pakuti, ndikutsikira bwalo lakuti, kuti mnzako amene ali pafupi akumve, maso ali panja nthawi yonse. Ulendo wautali umalemberatu flight plan, yowauza a zandege njira imene udzere, kuti ukapanda kufika anthu adziwe koyambira kukufuna. Zikavuta pali nambala ya wailesi imene dziko lonse lapansi limaidziwa, 121.5, ndipo umanena kuti mayday katatu.

Zoti kanali pansipansi zija. Lamulo limati pamwamba pa tauni kapena pamene pasonkhana anthu usatsike kuposa mafiti 1,000, ndiwo mamita 300, kuchokera pa chinthu chachitali kwambiri chapafupi. Kwina konse, kaya ndi pamtunda kaya pamadzi, mafiti 500, mamita 150. Kupatula ponyamuka ndi potera. Ndiye ngati kako kaja kankatsikira ku Makokola, kanali m'malamulo. Koma wina akamadzakanda madenga pa msika wa Mangochi kapena kuopseza a m'mabwato kuti anzake amutame, ameneyo ndi wopalamula, lemba zilembo zake.

Kunonso kuli zina zoti munthu asamale. Kuchoka pa boma pa Mangochi kupita ku Chiponde ndi pafupi, kandege kothamanga makilomita 200 pa ola mphindi 20 sizikwana kali kale m'Mozambique. Kumwamba kulibe chipata choti wina akuimike, koma kudumpha malire popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo wochokera kunja amayamba watera pa bwalo lomwe pali a kasitomu ndi a zolowa ndi kutuluka asanabwere kuno kudzadya chambo. Cha ku Monkey Bay kuli asilikali a pamadzi, kuli nyumba ya boma ya Chikoko Bay. Malo otero munthu wanzeru amayamba waona mapu ndi zidziwitso za tsikulo, amazitcha NOTAM, asanadutsepo. Ndipo tabwalo tambiri ta kunyanja ndi m'mapaki tili ndi eni ake, umayamba waimba foni. Ukafika sungoti gwa. Umadutsa kaye pamwamba kuona kansalu ka mphepo kaja kaloza kuti, chifukwa ndege imatera moyang'anana ndi mphepo, komanso kuona ngati mulibe mbuzi, ana osewera mpira kapena bambo wa njinga atanyamula thumba la makala. Mbalame nazo, cha ku Boadzulu kuja zimachita kuda bii, ndipo nkhwazi sipatukira munthu.

Koma chimene ndimafuna umvetse kwambiri si mapepalawa. Tindege timeneti tambiri timauluka ndi maso. Woyendetsa ayenera kuona pansi, kuona kutsogolo, kutalikirana ndi mitambo. Wa PPL wamba akalowa mumtambo mutu umamunamiza, amaona ngati ali bwinobwino pamene ndege yapendekeka, ndipo zimatha msanga. Ndiye nyengo ndiye bwana. Agogo ako aamuna, Mulungu awasunge, ankadzuka usiku n'kuima pa gombe, kumvetsera, n'kunena kuti lero mwera, bwato lisalowe. Anyamata ankadandaula kuti nyanja ili phee, pofika m'mawa mafunde ali ngati nyumba. Oyendetsa ndege abwino amene ndinawadziwa anali a mtima umenewo. Munthu wayenda ulendo wautali kubwera ku bwalo, walipira kale, alendo avala bwino akujambulana, iye n'kuyang'ana kumwamba n'kuti lero ayi, tiyeni tikamwe tiyi.

Kuno miyezi ya June ndi July mwera ukamawomba chopingasa bwalo, kutera kumakhala nkhondo. September ndi October utsi wa moto wa m'tchire umaphimba mapiri a Namizimu osaoneka n'komwe, nyanja ndi thambo n'kukhala chinthu chimodzi. Dzinja mitambo ya mabingu imakula masana, n'chifukwa chake ambiri amauluka m'mamawa. Ndiye pali kutentha kwathu kuno. Mpweya ukatentha umapepuka, injini imafooka, mapiko sagwira bwino, ndege imathamanga mtunda wautali isananyamuke. Nditangobwerako ku Joni ndinkathandizako pa kabwalo kena konkuno. Tsiku lina mu October, dzuwa lili pamutu, alendo atatu anabwera ndi zikwama, kuwonjezera bokosi la ayezi lodzaza chambo. Woyendetsa, mtsikana wamng'ono ndithu, anatulutsa sikelo, anawerengera pa kapepala, n'kunena kuti bokosi litsala kapena munthu mmodzi atsale, sankhani. Bambo wina anakalipa, ndalipira ine, ukudziwa kuti ndine ndani. Mtsikana uja osatekeseka, anangowerama pansi pa phiko n'kumakhetsera mafuta m'kabotolo kuona ngati mulibe madzi, paja madzi amakhala pansi, abuluu pamwamba. Anadikira mpaka bambo aja atopa. Bokosi linatsala. Ndegeyo ndinaiona ndi maso angawa ikunyamuka cha kumapeto kwenikweni kwa bwalo, mitengo ili pafupi. Chambo chija tinadya ife masiku atatu.

Achemwali, tsopano inu. Ndikudziwa chimene chili mumtima mwanu, ndi za pa 10 June 2024 ku Chikangawa, pamene tinataya a Chilima ndi anthu ena 8. Tonse tinalira, ndipo ine sindingakuuzeni kuti kumwamba kulibe ngozi. Ija inali ndege ya asilikali ya injini ziwiri, si tosewerera timene akufunsa mwanayu, koma nkhungu ndi mapiri sizisankha. Chokhacho ndinganene n'chakuti mwana amene amafunsa kuti amapempha kwa yani asanafunse kuti imathamanga bwanji, ameneyo musamutseke pakamwa. Ndipo musati ndi za amuna. Mu 2017 ndege ya Malawian Airlines inapita ku Dar es Salaam ili ndi amayi okhaokha, woyendetsa wamkulu anali Captain Yolanda Kaunda.

Iwe mwanawe, ndalama za maola 40 pakhomo pano palibe, tisanamizane. Koma khomo lina lilipo lotchipirapo. Ma drone, tindege touluka topanda munthu m'kati tija. Ku Kasungu boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera ma drone mu 2017, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kunayamba sukulu ya African Drone and Data Academy yophunzitsa achinyamata. Malamulo a mlengalenga, nyengo, mapu, zambiri ndi zomwezi. Ndipo umuuze msuweni wako wojambula maukwati uja kuti kadrone kake nakonso ndi ndege pamaso pa lamulo, asamakaulutse pafupi ndi bwalo, akafunse kaye kwa a zandege.

Limbikira masamu, physics ndi geography. Ukabwera pa holide ndidzakutulutsira kabuku kanga ka maola ndi mapu akale a ndege, ndikuonetse mipanda ndikunenayi, mbewa zikapanda kudya. Achemwali, usipa wanu uja ndapatsira kondakitala wa minibasi ya m'mawa, mukhale pafupi ndi foni.